Kodi Chimangirizo Cholembera Kunyumba Chingasankhe Wodzatsogolera Asilikali?

Chaka ndi chaka achinyamata oposa 10,000 amayamba kufunsira malo pa sukulu ya usilikali ya West Point, imene ili m'mphepete mwa mtsinje wa Hudson m'chigawo cha New York ku United States. Otengedwa amakhala pafupifupi 1,200. Sukuluyi inakhazikitsidwa mu 1802, ndipo ili ndi zinzake: ya asilikali apanyanja ku Annapolis, imene inatsegulidwa mu 1845, ya asilikali amumlengalenga pafupi ndi Colorado Springs, ya olondera magombe ku New London, ndi ya oyendetsa sitima zamalonda ku Kings Point. Ku West Point wophunzira salipira fizi. Boma limamudyetsa, kumuveka ndi kumupatsa kandalama mwezi ndi mwezi. Akamaliza zaka 4 amalandira digiri pamodzi ndi udindo wa ofesala, ndipo amabweza ngongoleyo pogwira ntchito ya usilikali zaka zosachepera 5.

Khomo lake n'lopapatiza. Wofunsira ayenera kukhala atakwanitsa zaka 17 koma asanafike 23, wosakwatira kapena kukwatiwa. Madokotala amamuyeza. Amayesedwanso mphamvu pa zinthu 6, monga kuponya mpira wa basketball atagwada, kudzikoka m'mwamba pachitsulo ndi kuthamanga mtunda wa mailo imodzi. Kupatula ku New London, ambiri amafunikanso kuti phungu kapena seneta wa Nyumba ya Malamulo ya Congress apereke dzina lawo, ndipo phungu aliyense amaloledwa kukhala ndi ophunzira 5 okha pa West Point nthawi imodzi. Pamwamba pa zonsezi pali zimangirizo. Sukulu imafuna zake, maofesi a aphungu nawonso amafuna zawo. Mafunso amasintha mawu zaka zikamapita, koma phata lake ndi lomwelo: ukufuniranji kubwera kuno ndi kudzakhala ofesala, ndiponso n'chiyani chinakuchitikirapo chimene chinaumba khalidwe lako?

Mutu wa mtsutso wathu ndi uwu: chimangirizo chimene wofunsira malo amalembera kunyumba n'kutumiza chiziwerengeredwa kwambiri posankha ophunzira m'sukulu za usilikali.

MBALI YOVOMEREZA

1. Manambala sanena chimene chamubweretsa munthu. West Point yakhala ikuyeza ofunsira malo pa sikelo yogawidwa patatu: 60 peresenti ndi maphunziro, 30 peresenti utsogoleri, 10 peresenti mphamvu za thupi. Sikeloyi imadziwa kuti mtsikana uyu amakhoza masamu, kuti mnyamata uyo anali kaputeni wa timu. Siidziwa ngati wabwera mwa kufuna kwake kapena chifukwa bambo ake ndi agogo ake anavala yunifolomu, ndipo pakhomo palibe anamufunsapo maganizo. Izi zili ndi mtengo wake. Wophunzira angathe kuchoka m'zaka ziwiri zoyamba popanda kukakamizidwa kugwira ntchito ya usilikali. Lumbiro lomumanga limabwera poyamba chaka chachitatu. Aliyense wochoka amasiya bedi limene likanagonedwa ndi wina amene anakanidwa, ndipo ndalama za msonkho zimene zinapita pa iye sizibwerera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ovomereza akuti kumukhazika mwana pansi kuti alembe chifukwa chake ndi njira yotsika mtengo yoonera ngati chilakolakocho chili mwa iye kapena mwa makolo. Alipo ena amene amazindikira cholembera chili m'manja kuti alibe chonena, n'kubwerera asanawononge chaka chawo ndi malo a mnzawo.

2. Ntchito ya ofesala ndi yolemba kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Amalemba malamulo a ntchito, malipoti a zimene zachitika, ndemanga zokweza kapena kugwetsa asilikali ake, nthawi zina kalata yopita kwa mayi amene mwana wake sabwereranso. Chiganizo chosamveka bwino chimapha. Mu 1854 ku Balaclava, pa nkhondo ya ku Crimea, lamulo lolembedwa mwachidule lochokera kwa Lord Raglan, mkulu wa asilikali a Britain, silinatchule bwino mizinga yoti ilandidwe, ndipo asilikali apakavalo a Britain oposa 600 analunjika m'chigwa cholakwika, mizinga ya Russia ikuwawombera kutsogolo ndi m'mbali. Ulysses S. Grant, amene anamaliza West Point mu 1843 n'kudzatsogolera asilikali a kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ankadziwika ndi malamulo olembedwa mosazungulira, oti wowerenga sabwereza kawiri kuti amve. Dwight Eisenhower, tsiku loti mawa lake asilikali amene ankawatsogolera awoloka kupita ku Normandy mu June 1944, analemba kakalata n'kukasunga m'chikwama, koti kadzawerengedwe ngati zinthu zikanalephereka. M'menemo ananena kuti cholakwa chilichonse chikhale pa iye yekha. Mizere yochepa chabe, koma munthuyo akuonekeramo yense. Ngati kulemba kuli pakati pa ntchito chonchi, ovomereza akufunsa, tingalekerenji kukuyeza pakhomo?

3. Chimangirizo chimapereka mawu kwa amene moyo wake sukwana m'mabokosi a fomu. Gawo la utsogoleri limawerenga zinthu zokhala ndi mayina: kaputeni wa timu, mtsogoleri wa ophunzira, wofika pa udindo wapamwamba mu Scouts. Nanga mtsikana amene akaweruka kusukulu amathamangira kusitolo kukagwira ntchito mpaka usiku kuti lendi ilipidwe? Nanga mnyamata amene amadzutsa abale ake aang'ono, kuwakonzera chakudya ndi kuwaperekeza ku basi chifukwa mayi ake amagwira shifiti ya usiku, kapena amene kuyambira ali ndi zaka 10 wakhala akumasulira makolo ake Chingelezi kuchipatala ndi kubanki? Ameneyu wasenza anthu kale, ndipo kusenza anthu ndiyo ntchito imene akufunsira. Pafomu alibe chikho, alibe udindo. Popanda tsamba loti afotokozepo, wosankha amangoona mipata yosalembedwa. Mfundo iyi ndimaimva kulemera kuposa zonse za mbali ino.

4. Chimangirizo chimapatsa wofunsa mafunso poyambira. Ofunsira ku Annapolis amakumana ndi munthu wotchedwa Blue and Gold Officer, ndipo maofesi ambiri a aphungu amakhazika kagulu ka anthu, ena mwa iwo asilikali opuma, kuti kacheze ndi ana pamasom'pamaso. Tsamba lolembedwa likakhala patebulo, machezawo sayendayenda.

MBALI YOTSUTSA

1. Palibe amene akudziwa kuti walemba ndani. Kale nkhawa inali pa mayi wokonza ziganizo, mphunzitsi wosintha ndime, ndi alangizi olipidwa amene ntchito yawo ndi kupukuta zimangirizo za ana a anthu opeza bwino. Kuyambira November 2022, pamene ChatGPT inatuluka, aliyense wokhala ndi foni angapeze chimangirizo chosalala m'mphindi imodzi. Mu 2024 yunivesite ya Duke inasiya kupereka malikisi pa zimangirizo za ofunsira malo, ndipo zifukwa zimene inatchula ndi ziwiri zomwezi: makina olemba ndi alangizi olipidwa. Kwa sukulu ya usilikali bala limeneli ndi lakuya kuposa kwa Duke. Lamulo la ulemu la West Point limati wophunzira asaname, asabere mayeso, asabe, ndipo asalekerere wochita zimenezi. Sukuluyi yalipira mtengo waukulu polisunga: mu 1951 inachotsa ophunzira 90, ena mwa iwo osewera mpira, mu 1976 oposa 150 anachoka chifukwa cha mayeso okalembera kuchipinda, mu 2020 ophunzira 73 anaimbidwa mlandu wobera mayeso a masamu olembedwa pa intaneti nthawi ya Covid-19. Taonani kuti pa milandu ya 1976 ndi 2020 ntchito inalembedwa woyang'anira palibe, pamene zotsatira zake zinali zolemera. Awa anali ophunzira olumbira kale, ophunzitsidwa lamulolo tsiku ndi tsiku. Kodi n'chilungamo kuika mwana wa zaka 17, amene sanalumbire chilichonse, pa chiyeso chomwecho, n'kumupatsa malo ngati wagwa koma sanagwidwe? Woona mtima amene walemba yekha, ndi ziganizo zake zokhota, ndiye amatsalira.

2. Chimangirizo chimakondera olemera, ngakhale chitalembedwa moona mtima. Mu 2021 ofufuza a ku Stanford anasindikiza m'magazini ya Science Advances zotsatira za kafukufuku wa zimangirizo 240,000 zolembedwa ndi anthu 60,000 amene ankafunsira malo ku University of California. Anapeza kuti nkhani zimene mwana amasankha kulemba ndi kalembedwe kake zimayenda limodzi ndi ndalama za pakhomo pawo, ndipo kugwirizana kumeneku kunali kwamphamvu kuposa kwa ndalamazo ndi malikisi a mayeso a SAT. Mayeso amenewa akhala akudzudzulidwa zaka zambiri kuti amakomera ana a opeza bwino. Apa zinaoneka kuti chimangirizo, chimene ambiri ankachiyesa mankhwala, chili ndi nthenda yomweyo. Sukulu za usilikali zimayendetsedwa ndi msonkho wa aliyense, ndipo dongosolo loti aphungu azipereka mayina limathandiza kuti maofesala azichokera m'madera onse a dziko, kumidzi ya ku Montana ndi m'makwalala a ku Detroit momwe. Kuika mphamvu pa chinthu chimene chimanunkhiza chuma cha makolo ndi kubweza ndi dzanja lamanzere chimene lamanja lapereka.

3. Yankho lofunika aliyense amalidziwa. Mawu atatu amene West Point imayendera, onena za udindo, ulemu ndi dziko, ali pachizindikiro chake, ndipo wofunsira aliyense anawaona. Nchifukwa chake zimangirizo zambiri zimafanana: agogo amene anamenya nkhondo, mbendera, masewero amene timu inagonja koma mtima sunagonje. Tsono tiyeni tiwafunse funso lomwelo anthu awiri amene mbali yovomereza yawatchula. Grant sankafuna kupita ku West Point. Bambo ake ndiwo anamupezera malo, ndipo iye mwini analemba atakalamba kuti ali pasukulupo ankatsatira zokambirana za ku Congress zofuna kuitseka, akuyembekeza kuti zitheka. Maloto ake anali odzaphunzitsa masamu. Eisenhower anali mwana wa banja losauka ku Abilene, m'chigawo cha Kansas, wogwira ntchito usiku pafakitale ya mkaka. Chimene ankafuna ndi maphunziro aulere, ndipo mtima wake unali pa Annapolis; anapita ku West Point mu 1911 chifukwa zaka zake zinali zitapitirira malire a sukulu ya apanyanja. Akanalemba zoona, awiriwa akanaoneka ofooka pamaso pa wowerenga wofuna moto wa kukonda dziko. Akanalemba zokomera wowerenga, akanayamba usilikali ndi bodza. Funso limene limalanga wonena zoona silingakhale muyeso wa khalidwe.

4. Luso la cholembera ndi kupirira pabwalo la perete ndi zinthu ziwiri. Wolemba ndakatulo ndi nthano Edgar Allan Poe analowa West Point mu 1830. Mwa onse amene anapondapo pasukulupo, ndi ochepa angafanane naye pa kulemba. Pasanathe chaka anayamba dala kujomba m'kalasi ndi paperete kuti amuchotse, ndipo anachotsedwadi mu 1831. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

5. Kuchonga chimangirizo kumatsamira pa mtima wa wochonga. Congress ili ndi aphungu 435 ndi maseneta 100, ndipo ofesi iliyonse ili ndi njira yakeyake yosankhira. Tsamba limene lagwetsa misozi ku ofesi ina likhoza kuoneka lodzitama ku ofesi yoyandikana nayo. Palinso chinthu china chimene chimandivuta: ana akadziwa kuti nkhani yachisoni imagula malo, amayamba kufukula maliro ndi matenda a pakhomo kuti awayale pamsika, ndipo amene analeredwa kuti za m'nyumba sizituluka panja amakhala chete n'kuluza.

KUYEZA MBALI ZIWIRIZI

Mbali zonse zaitana Grant ndi Eisenhower kuti aziikire umboni, ndipo zonse zanena zoona. Kusiyana kuli pa mtundu wa kulemba. Chimene ovomereza akutamanda ndi lamulo lolembedwa muhema, nthawi itathina, ndi dzanja la mwini wake, wina womukonzera palibe. Chimene mutu wa mtsutso ukufuna kuti chipatsidwe mphamvu ndi tsamba losulidwa miyezi itatu, lodutsa m'manja mwa anthu asanu. Mfundo yachiwiri ya ovomereza ndi yolimba, koma ikuteteza chimangirizo china, osati chimene chili pamlandu.

Ndikuona kuti tsamba limodzili talisenzetsa mitolo itatu: kuonetsa ngati munthu amatha kulemba, kufotokoza za moyo wake zimene fomu yasiya, ndi kuulula chimene chamubweretsa. Mitoloyi ikufunika kumasulidwa, uliwonse uyezedwe payokha.

Pa luso la kulemba, sukuluzi zili kale ndi chitsanzo m'nyumba mwawo. Palibe amene amavomera kuti mwana atumize kalata yonena kuti anathamanga mailo m'mphindi 6. Mayeso a thupi amachitika pamaso pa mphunzitsi wa masewero kapena ofesala, wotchi ili m'manja, ndipo woyang'anirayo amasaina. Ngati miyendo imayesedwa chonchi, cholembera chiyesedwenso chonchi: chipinda, ola limodzi, funso limene sanalione, foni ili panja. A Britain amachita zofanana ndi zimenezi. Ofuna kupita ku Sandhurst, kumene maofesala a mayiko ambiri a mu Africa, a ku Malawi omwe, akhala akuphunzira, amayamba akhala masiku angapo ku Westbury, kumene amalemba, kukonza pulani ya vuto lopatsidwa pomwepo, kukambirana m'magulu ndi kutsogolera anzawo, oyesa akuonerera. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo sindikufuna kuubisa. Imafuna zipinda ndi oyang'anira m'dziko lalikulu kwambiri. Imapweteka mwana wamantha amene amaganiza bwino akapatsidwa nthawi, ndiponso amene Chingelezi si chiyankhulo cha pakhomo pawo, kuphatikizapo ophunzira ochokera kunja. Komabe wochonga wanzeru angathe kulekanitsa galamala yopunduka ndi ganizo lopunduka, pamene pa tsamba lochokera kunyumba sangathe n'komwe kulekanitsa mwana ndi makina.

Pa za moyo wa wofunsira, apa ndi pamene ndakhala nthawi yaitali ndisanaganize chochita, chifukwa mfundo yachitatu ya ovomereza ndi yachiwiri ya otsutsa zikulimbirana mwana mmodzi yemweyo, wosauka uja. Wina akuti chimangirizo ndicho pakamwa pake, wina akuti ndicho chimamugwetsa. Kafukufuku wa ku Stanford sakunena kuti mwana wosauka alibe nkhani. Akusonyeza kuti tsamba limanyamula fungo la pakhomo pamene lachokera. Choncho chofunika n'kutola mfundo zimene zili m'tsambalo n'kusiya zokometsera. Ngati mtsikana walemba kuti amagwira ntchito maola 20 pa sabata, zimenezo zingatsimikizidwe ndi bwana wake kapena mphunzitsi wake, ndipo zikatsimikizika ziwerengedwe m'gawo la utsogoleri mofanana ndi ukaputeni wa timu. Malikisi apite pa chimene anachita. Kukoma kwa chiganizo chimene wafotokozera kusalandire kanthu.

Pa chimene chamubweretsa, ndikugwirizana ndi otsutsa kuti chimenechi sichichongeka. Mwana wonena kuti akufuna digiri yaulere chifukwa kwawo kulibe ndalama, ndipo ndi wokonzeka kuilipira ndi zaka 5 za moyo wake, wanena chinthu cholemekezeka, ndipo dongosolo labwino liyenera kumupatsa mpata wochinena osaopa. Komanso ovomereza sanalakwe ponena kuti kulemba kumamuthandiza mwini wakeyo kudzifunsa. Funsolo likhalebe, koma yankho lake lisakhale ndi nambala pambali.

Motero mutuwu, mmene waikidwira, sindikuuvomereza: chimangirizo cholembera kunyumba chisawerengeredwe kwambiri. Otsutsanso sindikuwapatsa zonse, pakuti kuchichotseratu kungatseke pakamwa pa ana amene fomu siiwaona. Malo ake ndi patebulo la wofunsa mafunso, monga inanenera mfundo yachinayi ya ovomereza, yaifupi ija. Msilikali wopuma atenge tsambalo, aloze ndime yachiwiri, afunse kuti mng'ono wako amene wamutchula apayu ali kalasi yanji, umamudzutsa nthawi yanji, ndipo ukapita ku West Point adzamuperekeza ndani ku basi. Amene anakhalamo m'nkhaniyo adzayankha osayang'ana papepala, mwinanso adzayamba ndi funso lomalizalo, chifukwa ndi limene lakhala likumusowetsa tulo.